A Kuseri kwa Kachere

Amuna anga ndi amayi anga adachita malonda pansi pa kachere mmodzi kwa zaka zambiri, koma sadayang'anane kumaso. Adzukulu anga ndikawauza zimenezi amaseka, amati ndikuwonjezera. Sindikuwonjezera kanthu. Ndidalipo, ndipo ndine amene ndidatsala pang'ono kutaya banja chifukwa cha ulemu wa anthu awiriwa.

Kwathu, kufupi ndi Nsaru, mwamuna akakwatira ankabwera kudzakhala kumudzi kwa mkazi. Ameneyo ndiye mkamwini. Mkamwini ndi mayi wa mkazi wake ankatchulana kuti apongozi, ndipo ankathawana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Pakakhala mawu ofunika, wina ankakhala m'nyumba wina panja, n'kumayankhulana khoma lili pakati. Sikudali kudana ayi, udali ulemu, ndipo m'mudzi mwathu mudalibe munthu wousunga kuposa amayi anga. Tsiku lina pothawa amuna anga adagwera m'chitsamba cha chitedze. Adakanda thupi tsiku lonse osadandaula, chifukwa kwa iwo kuyabwa kudali kwabwino kusiyana ndi kuonedwa ndi mkamwini.

Amayi adali woumba mbiya. Dongo ankakumba okha kudambo, ndipo ankaumba miphika ya ndiwo, mitsuko ya madzi, ngakhalenso mbiya zazikulu za mowa, chonsecho iwo adali a mpingo ndipo mowa sankaulawa. Masiku amenewo mphika sunkagulidwa ndi ndalama. Woufuna ankabwera ndi dengu la chimanga kapena mtedza, n'kuthira mumphikamo mpaka kudzaza. Zimene zalowamo zinkatsala kwa amayi, mphika n'kupita. Koma kudzazako sikudali kofanana kwa aliyense. Mkazi wamasiye ankangothira pang'ono, amayi n'kunena kuti basi wadzaza. M'bale sankathira n'komwe, ankangonyamula, ndipo amayi ankadziwa kuti nyengo yopalira adzamuona m'munda mwawo atagwira khasu. Ankakonda kunena kuti kupatsa n'kuika.

Amuna anga adali a cha ku Nambuma. Asanandikwatire adakhalako ku Halale, kumene adaphunzira kukhoma zidebe. Adafika kwathu ndi sizasi yaikulu yodulira malata, kahamala ndi chitsulo chosungunulira mtovu, zonse atazikulunga bwino m'chiguduli. Madebe a palafini otha ntchito ankawapeza kwa mmwenye wa sitolo, n'kupanga ndowa, makapu, mafanulo ndi nyali za koloboyi. Adali munthu wofatsa, wamanyazi, wosachedwa kuvula chipewa. Ndidawakonda chifukwa cha kufatsako, ngakhale nthawi zina kunkandipsetsa mtima.

Ukamwini adaugwira bwino. Ankalima munda wa amayi, kuluka nkhokwe ya amayi, kufolera nyumba ya amayi, ndipo chimanga chimene tinkadya chinkachokera m'nkhokwe yomweyo. M'mudzi monsemo chinthu chawo chenicheni chidali chiguduli chija. Sankadandaula, poti akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo. Koma ine ndinkakhala nawo nyumba imodzi, ndinkaona mmene ankayang'anira nkhokwe imene aluka okha.

Vuto lina lidali ndowa. Azimayi a m'mudzi adayamba kuikonda chifukwa njopepuka ndipo ikagwa pachitsime siisweka. Ankabwera chozemba kuseri kwa nyumba yathu kuti amayi asawaone, koma amayi ankawaona. Ankati madzi a m'ndowa amanunkha chitsulo ndipo amafunda ngati a m'chithaphwi. Ankanena zimenezi ali m'nyumba mwawo, koma mokweza ndithu kuti mawu akafike kwa eni ake.

Msika wathu palibe amene adaukhazikitsa. Udayamba ndi fodya. M'mbali mwa msewu mudali shedi yogulira fodya, ndipo nyengo yake amuna ankabwera ndi ngolo, ena panjinga, ena atasenza mitolo, kuchokera mpaka ku Kabudula. Mzere unkatalika, ena n'kugona pomwepo kudikira kuti fodya wawo akwere pasikelo. Anthu akugona ndi njala pafupi ndi mudzi wako, nanga ungatani? Azimayi adayamba kuwapititsira thobwa ndi mbatata yophika monga tinkachitira ndi mlendo aliyense. Alendowo, poti m'thumba mudali makobiri a fodya, adayamba kusiya kobiri m'mbale. Poyamba azimayi ankabweza. Kumudzi kudabuka mkangano, akuluakulu akuti kugulitsa chakudya chophika kwa munthu wapaulendo ndi chinthu chamanyazi, mudzi udzatchuka ndi umbombo. Koma mayi wina adalandira, nakagula mchere ndi sopo kusitolo, ndipo anzake adaona sopoyo pachitsime. Chaka chotsatira pamalopo padali zitumbuwa, nthochi, nkhuku, mphasa ndi mipini. Fodya atatha anthu sadaleke kubwera. Adapangana Loweruka, chifukwa Lamulungu akulu a mpingo adakaniza.

Mthunzi wodalirika pamalopo udali umodzi wokha, wa kachere wamkulu amene tsinde lake lidali lotambalala kuposa khomo la nyumba. Aliyense wogulitsa ankafuna kukhala pamenepo.

Amuna anga msikawu adaukonda kuyambira tsiku loyamba. Pamenepo padalibe wowafunsa kuti ndi mkamwini wa yani. Ankabwerako akuimba mluzu, n'kumandiuza kuti, "Malonda alibe chibale. Ku Halale munthu amagula n'kumapita, osakufunsa kwanu." Amayi ankati zimenezo n'zachilendo, munthu ungamupatse bwanji mphika usanadziwe kuti ndi mwana wa yani. Adakana kwa nthawi yaitali. Koma obwera ndi madengu adayamba kuchepa, mitsuko idaunjikana pakhonde, ndipo tsiku lina adandiuza kuti ndiwathandize kusenza.

Loweruka limenelo amuna anga adalawirira, nayala katundu wawo pansi pa kachere, pakati pake pali ndowa imodzi yaikulu kuposa zinzake. Ine ndi amayi tidabwera pambuyo. Titangokhota pangolo zimene zidaima pamenepo, amayi adaona chipewa cha mkamwini wawo. Adatula miphika pomwepo padzuwa n'kubisala kuseri kwa ngolo. Amuna anga ataona ine adadziwa kuti amayi ali pafupi, adasiya ndowa zawo n'kuthawira kuseri kwa shedi ya fodya. Kudali chilimwe, tchire lonse litapsa, malo obisala adali osowa. Wogula ndowa akafika ndinkathamanga kukaitana amuna anga, iwo akamatulukira amayi ankathawa. Wofuna mphika akafika ndinkakaitana amayi, amuna anga n'kuthawa. Ine ndidali ndi pakati, mwana wathu woyamba, koma tsiku lonse ndidalithera kuthamanga pakati pa ngolo ndi shedi. Achipongwe ena adazindikira msanga. Ankangonena kuti "apongozi awo", amuna anga n'kusiya wogula ali chiimire. Madzulo tidabwerera ndi katundu yense, kupatula mphika umodzi umene mbuzi idaswa.

Tsiku limenelo ndidaseka mpaka misozi. Maloweruka otsatira sindidasekenso.

Amalume anga, amene ankayang'anira mbumba yathu, adaweruza kuti azisinthana, Loweruka lino mkamwini, linalo apongozi. Adali maganizo abwino kwa anthu ena, osati awiriwa. Likafika Loweruka la amuna anga, ankati sangakhale pamthunzi apongozi awo ali kunyumba ndi miphika yosagulidwa, ndi bwino apite iwowo. Likafika la amayi, ankati sangalande malo a mwana wa eni amene akufuna kupeza msonkho. Aliyense ankasiyira mnzake, ndipo onse awiri ankakhala kunyumba, wina kuseri kwa khoma ili, wina kuseri kwa linalo, msika ukuchitika popanda iwo.

Tsiku lina titabwera kumunda kokasosa, amuna anga adakhala pakhonde nthawi yaitali osavula chipewa.

"Inu, ine ndibwerera ku Halale," adatero.

"Mukatani kumeneko?"

"Ndikagwire ntchito. Pano ndine munthu wotani? Munda ngwa eni, nkhokwe nja eni. Pamsika pokha ndi pamene ndimati ndipezepo changa, koma pamenepo ndikungothamanga ngati gwape. Mwanayu akabadwa ndidzamufunditsa chiyani?"

"Mudzabwera liti?"

"Ndikapeza pang'ono ndidzabwera. Lole yotenga anthu antchito imadutsa pamsika Loweruka masana."

Mawu akuti ndikapeza pang'ono ndidzabwera ndinkawadziwa. Atate anga adawanena kwa amayi ine ndili kumsana, popita ku Joni, ndipo sadabwerenso. Anthu otere tinkawatcha matchona. Ndidakula ndikuona amayi akusiya kuumba n'kuyang'ana kumsewu nthawi iliyonse lole ikalira. Ndidachita mantha kwambiri, ndipo ine mantha akandigwira amatuluka ngati ukali. Ndidapita kwa amayi. Ndidawapeza akusalaza mtsuko ndi kamwala kawo.

"Amayi, apongozi anu akupita."

"Kuti?"

"Ku Halale. Mwawathamangitsa ndi ulemu wanuwu."

"Iwe, samala pakamwa."

"Kodi mukufuna nanenso ndizikhalira kuyang'ana kumsewu ngati inu?"

Mawu amenewo adawalasa, ndidaona dzanja lawo likuima. Sindidawabweze, ndipo mpaka lero sindiwabweza, chifukwa adali oona. Kenako kamwala kadayambanso kuyenda.

"Kodi ndowa yaikulu ija adagulitsa?" adandifunsa.

"Ayi, ilipo."

"Pita ukaphike."

Ndidachoka nditakwiya koposa mmene ndidabwerera. Ine ndikunena za banja langa, iwo akufunsa za ndowa.

Loweruka lidafika. Kunkatentha kwambiri, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuoneka cha kumadzulo. Amuna anga adatenga katundu yense kuti akagulitse apeze ya panjira, ndiponso sutikesi ya malata imene adakhoma okha, mmene adaikamo malaya, bulangeti ndi chiguduli chija. Adakhala mbali ya kum'mawa kwa kachere. Poti amayi kudalibe, malonda adayenda bwino, ndipo dzuwa lisanafike pamutu zonse zidatha kupatula ndowa yaikulu ija. Ine ndidakhala pamuzu chapambali, osawayankhula. Ndinkangoyang'ana kumsewu, n'kudzida ndekha poona kuti ndayamba kale.

Kenako ndidaona amayi akubwera. Sadadzere njira ya masiku onse, adazungulira kuseri kwa shedi kuti atulukire mbali ya kumadzulo. Pamutu padali dengu, ndipo nsalu adaikokera kumaso. Adafika pakachere, natula dengu, nakhala pansi msana atautsamiritsa kutsinde. Pamene ndidakhalapo ndinkawaona onse awiri, koma iwo sankaonana. Anthu amene adali pafupi adasiya kutsatsa malonda.

Amayi adakhosomola. Amuna anga chifuwa chimenecho ankachidziwa, adatola chipewa nadzuka kuti athawe.

"Odi, a kuseri," adatero amayi.

Amuna anga adaima chowerama, nayang'ana ine. Ine ndidayang'ana kumbali.

Amayi adapitiriza kuyankhula nawo kuti, "Khalani pansi, atate. Khoma la nyumba yanga ndi bango ndi dothi, nkhuku imaboola, koma timayankhulana lili pakati. Kodi kachere uyu ngochepa kuposa khoma limenelo?"

"Ayi amayi, ngwamkulu."

"Mukundiona?"

"Sindikukuonani."

"Nanenso sindikukuonani. Ndiye palibe mlandu, eti? Ndabwera kudzagula ndowa."

Anthu adaseka, poti aliyense ankadziwa zimene woumba mbiyayu ankanena za ndowa. Amuna anga adakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chili pachifuwa.

"Amayi, ndowayi ingotengani. Ine sindingagulitse kanthu kwa inu."

"Si inu mumanena kuti malonda alibe chibale? Khoma lija n'lopyapyala, ndimamva zonse. Lero ndine wogula. Koma za makobiri ine sindizidziwa, ndigula mwa kwathu. Iwe mwana, bwera nayo kuno ndowayo."

Ndidanyamula ndowa n'kuzungulira nayo tsinde. Amayi adavundukula dengu. Mudali mtedza wosenda, wosankha, wambewu, umene chaka chilichonse ankausunga mumtsuko womata pakamwa ndipo ngakhale ine sankandilola kutapamo. Adathira m'ndowa mpaka kudzaza, nawonjezera ndi manja mpaka udayamba kugwera pansi. Aliyense pamenepo ankaona kuti mtedzawo udaposa mtengo wa ndowa. Lamulo la kudzaza lidali la amayi, ndipo ankalipinda mmene afunira.

"A kuseri," adatero, "mtedza uwu tsopano si wa m'nkhokwe yanga. Mwagulitsa ndowa, ndi wanu. Munda uja wa kuseri kwa chulu ndakambirana kale ndi amalume ake a mwana wangayu. Mukabzale mmenemo, ndipo nkhokwe yake mukamange pakhomo panu. Mvula ili pafupi. Kaya ku Halale amabzalanso mtedza, ine sindidziwa." Kenako adatembenukira kwa ine. "Kakhuthulire kwa eni ake. Ndowayo ndi yanga, ndiyifuna."

Ndidazunguliranso tsinde, ndowa ikulemera. Ndidaima pamaso pa amuna anga.

"Ndikhuthulire muti?" ndidawafunsa.

Adayang'ana uku ndi uku. Ndowa zina zonse zidagulidwa, thumba adalibe. Nthawi yomweyo lole idamveka ikubwera kumsewu, ndipo amuna ena adayamba kunyamula timitolo tawo. Amuna anga adayang'ana mtedzawo. Kenako adakoka sutikesi, naitsegula, natulutsa malaya, bulangeti ndi chiguduli, n'kuziika pamuzu.

"Thirani muno," adatero.

Ndidathira. Mtedza pogwera pamalata udachita phokoso ngati matalala padenga la sitolo. Lole idaima, idakweza amuna a anzanga, n'kupita. Ena mwa amunawo sitidawaonenso, ndipo chimwemwe changa cha tsiku limenelo ndidachibisa pang'ono chifukwa cha akazi awo amene adatsala ataima pamsewu. Amayi adatenga ndowa yawo, naiika m'dengu, nabwerera kudzera kuseri kwa shedi.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankakhala pakachere onse awiri, amuna anga kum'mawa ndi malata, amayi kumadzulo ndi miphika, misana itatsamira tsinde limodzi. Aliyense ankatchula mnzake kuti a kuseri. Anthu amene kunyumba sankatha kuyankhulana mawu atatu, pamsika ankacheza tsiku lonse. Amayi ankamva liwu la wogula ndowa n'kunena chapansipansi kuti, "A kuseri, ameneyo amuna ake adamwalira chaka chatha, muchepetseko." Amuna anga ankachepetsa, iwo omwe ankati malonda alibe chibale. Nawonso ankamva amayi akufunsa wogula kuti kwanu n'kuti, mayi ako ndani, mpaka apeze chibale chakuti amupatsire mphika waulere. Pamenepo ankakhosomola n'kunena kuti, "A kuseri, ameneyo ndamuona akutsika panjinga yatsopano. Alipire." Amayi ankang'ung'udza, koma ankatambasula dzanja. Ndikaganiza tsopano ndimaona kuti akadakhala okhaokha, wina akadagawa zonse mpaka kusauka, winayo akadalemera anthu akumuda.

Msika udakula. Padabwera ogulitsa nsomba zouma ndi nsalu, anthu ochokera kutali amene ngakhale amayi sankatha kuwapezera chibale. Padabweranso wokhometsa msonkho wa pamsika. Obwera kumene ankadabwa kuona bambo akuyankhula ndi kachere, kachere n'kumayankha ndi liwu la mayi. Amayi ankapita kuchitsime ndi ndowa yawo ija anthu onse akuona, akunenabe kuti madzi ake amanunkha chitsulo, ndipo akafika kunyumba ankawatsanulira mumtsuko kuti azizire. Mtedza wa kuseri kwa chulu udabereka, ndipo amuna anga adaluka nkhokwe pakhomo pathu. Sindidaonepo nkhokwe yolukidwa mosamala ngati imeneyo.

Mwana adabadwa wamkazi, kenako adabwera ena. Pa mwambo wathu, ana akachuluka akuluakulu ankatha kumasula apongozi kuti aziyankhulana maso ndi maso. Pankaphedwa nkhuku, mkamwini n'kupereka kamphatso, kuthawana n'kutha. Amalume adakonza zonse, nkhuku adaigwira kale. Amayi adakana, adati tikayamba kuonana tiyambanso kukangana. Amuna anga atafunsidwa adangoti tazolowera. Ine ndidawakalipira onse awiri kuti ndi anthu ouma mitu, koma nkhuku idamasulidwa.

Amayi adamwalira nyengo ya mvula, atadwala masiku ochepa. Mwana wathu woyamba uja adali atayamba kale kusenza kamtsuko kopita nako kuchitsime. Tsiku la maliro, asanatseke bokosi, abale ankalowa m'nyumba kukaona nkhope. Amuna anga adaima panja chapatali, chipewa m'manja, monga ankaimira nthawi zonse pakhomo pamenepo. Anthu atatsala pang'ono kutha, adapita kwa amalume, nagwada, nafunsa kuti, "Kodi tsopano ndingawaone?" Amalume adawagwira dzanja n'kulowa nawo.

Adakhalamo nthawi yaitali. Atatuluka sadapite kumene kudakhala amuna anzawo. Adabwera pamene ndidakhala ine ndi ana, chinthu chimene pamaliro sichichitika, nanjuta pafupi ndi mwana wathu woyamba. Adamugwira chibwano n'kumuyang'anitsitsa, mphumi, mphuno, masaya, misozi ikutsika.

"Amake mwana," adatero kwa ine, "bwanji simudandiuze kuti mwanayu adatenga nkhope ya a kuseri? Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona m'nyumba mwanga, osadziwa."